Mwana Wokhala Nambala Wani M'kalasi: Kodi Adzasankhidwa Kupita ku Yunivesite?

Tsiku lotsekera sukulu ndi tsiku lalikulu m'midzi ya boma la Phalombe. Makolo amasiya makasu, nasonkhana pansi pa mitengo ya pasukulu, ndipo mphunzitsi wa kalasi iliyonse amaimirira ndi pepala kuwerenga maina a ana kuyambira amene wakhoza koposa onse. Dzina la nambala wani likamveka nthungululu zimalira, mayi wa mwanayo amavina, achibale amafupa, ndipo madzulo ake nkhuku imafa. Kuyambira tsiku limenelo mudzi wonse umadziwa kuti pakhomo pakutipakuti pakukula dokotala.

Zaka zimapita. Mwana uja amalemba mayeso a Fomu 4, nakhoza. Koma maina a osankhidwa kupita ku mayunivesite a Boma akatuluka, lake osaoneka. Chopweteka kwambiri n'chakuti nthawi zina pamndandanda womwewo pamapezeka dzina la mwana wa mnansi, amene kusukulu kwake ankakhala nambala 15 kapena 20. Apa mpamene pamayambira zonena. Ena amati malo agulitsidwa, ena amati mwana walodzedwa, ndipo mabanja amene ankapalana moto amaleka kulonjerana. Kawirikawiri palibe amene wagula ndipo palibe amene walodza. Makolo anatha zaka zonsezo akuyang'ana nambala imene anthu osankha saiona n'komwe.

NAMBALA NDI MALIKISI

Pa lipoti limene mwana amabwera nalo kunyumba pamalembedwa zinthu ziwiri. Choyamba ndi malikisi a phunziro lililonse. Chachiwiri ndi nambala yake m'kalasi. Makolo ambiri amathamangira chachiwirichi chifukwa n'chosavuta kumva, ndipo malikisi amangowadumpha. Koma ziwirizi sizinena chinthu chimodzi. Malikisi amasonyeza kuchuluka kwa zimene mwana akudziwa. Nambala imangosonyeza kuti mwa anzake amene amakhala nawo m'chipinda chimodzi, omuposa ndi angati.

Amayi amene amapita ndi ana ku sikelo sangavutike kumva kusiyanaku. Mwana angathe kulemera koposa ana onse amene akwezedwa tsiku limenelo, koma kadontho kake pakhadi n'kupezeka kali m'munsi mwa mzere woyenera, kungoti tsikulo kunabwera ana oonda okhaokha. Ndi mmenenso zilili kusukulu. Kalasi iliyonse, ngakhale yofooka chotani, ili ndi nambala wani wake. Kalasi imene mphunzitsi wa masamu anasamutsidwa mu teremu yoyamba ndipo sipanabwere wina, nayonso ili naye. Mwana wopeza malikisi 48 pa 100 amakhala woyamba ngati anzake onse alekera pa 40, ndipo nkhuku imafa chimodzimodzi. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Palinso china. Mayeso a kumapeto kwa teremu amawakonza ndi kuwachonga ndi mphunzitsi wa pasukulu pomwepo, ndipo amafunsa pa mitu yokhayo imene iye wafika pophunzitsa. Ngati pofika mwezi wa mayeso waphunzitsa theka la buku, amafunsa theka lomwelo. Mayeso a Boma satero. Amawakonza ndi a bungwe la MANEB, limene linakhazikitsidwa m'chaka cha 1987 ndipo likulu lake lili ku Zomba. Iwo amafunsa paliponse m'silabasi, ndipo pepala limene akulemba mwana wa ku Nambazo ndi lomwelo akulemba wa ku Mzuzu ndi wa ku Lilongwe, tsiku limodzi, ola limodzi. Malikisi a pa lipoti saphatikizidwa pa zotsatira za mayeso amenewa, ndipo lipotilo silitumizidwa kwa osankha. Limatsala m'chikwama cha mayi.

Komabe kungakhale kulakwa kunena kuti posankha sayang'ana nambala. Amayang'ana ndithu, koma ndi nambala ya pamzere wina wautali kwambiri. Nkhani yonse yagona pa funso lakuti: mwanayo akum'yerekeza ndi yani?

SEFA YOYAMBA ILI PA SITANDADE 8

Ulendo wa ku yunivesite umayambira patali, mwana akali wa zaka 13 kapena 14. Zotsatira za mayeso a Sitandade 8 zikatuluka, ana amaikidwa pamndandanda monga mwa malikisi awo, anyamata paokha, atsikana paokha. Okhoza koposa amatumizidwa ku sukulu zimene zimalandira ana ochokera m'dziko lonse, monga Blantyre Secondary School, Dedza, Lilongwe Girls ndi Mzuzu Government, ndiponso sukulu zina za mishoni zothandizidwa ndi Boma. Otsatira amapita ku sukulu za m'boma lawo, monga Phalombe Secondary School. Enanso amapita ku sukulu zoyendera zotchedwa CDSS, zimene zimatenga ana a m'mapulaimale oyandikana nazo. Ndipo pali ambiri amene amakhoza koma osasankhidwa, chifukwa malo atha mzere usanawafike.

Sukulu zimenezi sizofanana, ndipo chifukwa chake chili m'mbiri. M'chaka cha 1994 Boma la Bakili Muluzi linachotsa fizi ku pulaimale, ndipo ana anachuluka kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi. Khamu limeneli linafunika sekondale. Choncho mu 1998 malo amene anthu ankaphunzirako maphunziro a makalata pansi pa MCDE anasandutsidwa ma CDSS. Ambiri anayamba m'zipinda zobwereka, ndi aphunzitsi amene anaphunzira ntchito ya ku pulaimale, popanda labotale, popanda nyumba ya mabuku. Zina mwa sukuluzi zatukuka kuyambira pamenepo, ndipo muli aphunzitsi akhama amene amatulutsa ana abwino ndi choko chokha. Koma n'zodziwika kuti mwana wa ku CDSS ndi wa kusukulu yogonera komweko sayambira pamodzi. Wina amadzuka belu likalira, napeza phala, nawerenga ndi magetsi usiku. Wina amayamba watunga madzi, nayenda mtunda wautali, ndipo chipangizo cha sayansi amachiona chojambulidwa pabolodi.

Tsono zimene zimachitika n'zodabwitsa kwa makolo. Mwachitsanzo, mtsikana wa ku Chiringa amene ankakhala nambala wani ku pulaimale asankhidwa kupita kusukulu ya dziko lonse. Kumeneko akupeza kuti aliyense wa m'kalasi mwake ankakhalanso nambala wani kwawo. Teremu yoyamba abwera ndi lipoti lolembedwa nambala 25, ndipo bambo ake akwiya: “Iwe, ndalama zanga zikupita kuti? Kodi kumeneko wayamba zibwenzi?” Mnzake amene anatsala pa CDSS yapafupi akupitiriza kukhala woyamba teremu ndi teremu, ndipo mudzi ukum'tama. Komatu ngati awiriwa atapatsidwa pepala limodzi, kawirikawiri wa nambala 25 uja ndiye angapambane. Alimi a fodya amazidziwa bwino zimenezi. Belo limene likuoneka lokongola koposa onse m'chigafa cha mwini wake limadziwika mtengo wake likafika ku okushoni ku Limbe, pamene laikidwa pamzere ndi mabelo a alimi ena.

Pali makolo amene, poona nambala yatsika chotere, amaganiza zom'chotsa mwana kusukulu yovutayo kuti abwerere kumene ankawala. Kumeneko n'kum'lakwira mwana. Nambala idzakweradi, koma nzeru sizidzakwera nayo.

MMENE MAPOINTI AMAWERENGEDWERA

Pa mayeso a Fomu 4, amene dzina lake ndi MSCE, phunziro lililonse limapatsidwa giredi kuyambira 1 mpaka 9. Pano nambala yaing'ono ndiyo yabwino. Giredi 1 ndi 2 ndi kukhoza kwapamwamba. Kuyambira 3 mpaka 6 ndi kirediti. Giredi 7 ndi 8 ndi kukhoza wamba, ndipo 9 ndi kulephera. Mapointi amene anthu amafunsana aja amapezeka pophatikiza magiredi a maphunziro asanu ndi limodzi amene mwana wakhoza bwino. Wopeza 1 m'maphunziro onsewo ali ndi mapointi 6, ndipo palibe angapose pamenepo. Wopeza 6 m'maphunziro onse asanu ndi limodzi ali ndi mapointi 36.

Kuti munthu aganiziridwe ku yunivesite ya Boma ayenera kukhala ndi makirediti asanu ndi limodzi, ndipo imodzi mwa iwo ikhale ya Chingerezi. Apa mpamene ana ambiri akumidzi amagwera. Mwana angathe kukhoza masamu ndi sayansi modabwitsa, koma akapeza 7 m'Chingerezi khomo latsekeka, ngakhale satifiketi ali nayo m'manja. Satifiketi ndi chinthu china, kuyenera ku yunivesite ndi chinthu chinanso.

Chachiwiri chimene makolo sachidziwa n'chakuti mapointi okha sakwanira. Maphunziro alionse a ku yunivesite ali ndi zofuna zake. Ofuna udokotala, unamwino kapena zamankhwala amafunsidwa Biology, Chemistry, Physics ndi masamu. Ofuna uinjiniya sangalowe popanda masamu ndi Physics. Makolo amene anaphunzira kale amakumbukira phunziro limodzi la Physical Science. Limenelo linagawidwa pawiri, n'kukhala Physics ndi Chemistry. Chitsanzo chingathandize. Mnyamata apeza 1 m'Chichewa, 1 m'Baibulo, 2 m'zaulimi, 2 m'mbiri yakale, 2 mu Social Studies ndi 4 m'Chingerezi. Onse pamodzi ndi mapointi 12, ndipo mudzi wonse umva. Koma masamu anapeza 7, ndipo Chemistry sanalembe. Mtsikana apeza 3 m'Chingerezi, 2 m'masamu, 2 mu Biology, 3 mu Chemistry, 4 mu Physics ndi 2 m'zaulimi, amene ndi mapointi 16. Onse awiri akapempha malo a zaumoyo, mtsikanayo adzaikidwa pamzere, pamene mnyamata wa mapointi 12 sadzawerengedwa n'komwe. Kumudzi zidzamveka ngati chinyengo, chikhalirecho ndi lamulo lolembedwa poyera.

Mayunivesite a Boma alipo asanu ndi imodzi. Yakale koposa ndi University of Malawi ya ku Zomba, imene inayamba kuphunzitsa mu 1965. Pali Mzuzu University, pali LUANAR ya zaulimi ku Bunda, ndi MUST imene inatsegulidwa mu 2014 ku Ndata m'boma la Thyolo. Mu 2021 makoleji amene anali pansi pa University of Malawi anaima paokha, n'kukhala KUHeS ya zaumoyo ndi MUBAS imene kale inali Polytechnic. Ntchito yolandira zopempha za ophunzira m'malo mwa onsewa imayendetsedwa ndi bungwe la NCHE, limene lamulo lake linapangidwa mu 2011. Wopempha amatchula maphunziro angapo amene akufuna, kuyambira amene akuwafunitsitsa. Kenaka pa maphunziro alionse, onse oyenera amaikidwa pamzere monga mwa kukhoza kwawo, ndipo osankha amawerenga kuchokera kumutu mpaka malo atatha. Amasamalanso kuti atsikana asachepe.

N'chifukwa chake palibe munthu angalonjeze kholo kuti mapointi akutiakuti ndi okwanira. Pamene mzere udukire pamasintha chaka ndi chaka, malinga ndi kuchuluka kwa opempha ndi kukhoza kwawo. M'zaka zaposachedwapa olemba MSCE akhala akupitirira 150,000 chaka chilichonse, ndipo opeza malo m'mayunivesite a Boma sakwana mmodzi pa khumi alionse. Nambala imene ili ndi mphamvu ndi ya pamzere umenewu.

PAMENE MZERE UNALI WA BOMA LILILONSE

Sikuti nthawi zonse mzere unali umodzi wa dziko lonse. M'mbiri ya Malawi muli nyengo zimene mwana ankapikisana ndi a m'boma lake okha, ndipo anthu a ku Phalombe ali ndi chifukwa chozikumbukira.

Mu 1981 mtsogoleri woyamba wa dziko lino, Dr. Hastings Kamuzu Banda, anatsegula sukulu ya Kamuzu Academy ku Mtunthama m'boma la Kasungu. Inkatenga ana owerengeka okhoza koposa ochokera m'boma lililonse, niwaphunzitsa mwaulere, pamodzi ndi Chilatini ndi Chigiriki. Masiku amenewo Phalombe inali mbali ya Mulanje, kotero mwana wa ku Migowi kapena ku Mpasa ankalimbirana malo ochepawo ndi ana a m'boma lonse la Mulanje, kuphatikizapo a sukulu zakale za mishoni za kutsidya kwa phiri.

Mu 1987 njira yogawa malo potsata maboma inalowanso ku University of Malawi. Anthu anaitcha kota. Ophunzira ena anakadandaula ku khoti, ndipo mu 1993 Khoti Lalikulu linagamula kuti njirayo inali yosayenera, choncho inaleka. Mu 2009 Boma la Bingu wa Mutharika linaibwezeretsa, ponena kuti likufuna kuti maboma onse apindule mofanana. Boma lililonse linkasungiridwa malo khumi a ana ake okhoza koposa, ndipo malo otsala ankagawidwa poyang'ana kuchuluka kwa anthu. Pofika nthawi imeneyi Phalombe inali itaima payokha, pakuti inapatulidwa ku Mulanje mu 1998. Kupatulidwako kunapatsa ana a ku Phalombe mzere wawowawo ndi malo khumi awoawo. Mwana amene pamzere wa dziko lonse akanakhala kutali, pamzere wa Phalombe akanatha kukhala pafupi ndi kumutu.

Kota inautsa mkangano waukulu. Anthu a chigawo cha Kumpoto, pamodzi ndi Sinodi ya Livingstonia ya mpingo wa CCAP, anaitsutsa kolimba. Maboma awo ali ndi anthu ochepa koma sukulu inazika mizu kalekale, ndipo ankaona ana awo a mapointi abwino akutsala pamene a mapointi ochepera mphamvu a maboma ena akutengedwa. Oikonda ankayankha kuti yunivesite imayenda ndi msonkho wa anthu onse, ndipo si bwino kuti maboma okhala ndi anthu ambiri azingotsalira. Mbali zonse ziwiri zinali ndi mfundo yomveka. Koma pali chinthu chimene sichinkanenedwa kawirikawiri pa mkanganowo. Kota inkayang'ana boma limene munthu amachokera, osati sukulu imene anaphunzirako. Mwana wobadwira ndi kukulira mu mzinda wa Blantyre, wophunzira pasukulu yolipira ya labotale ndi mabuku, ngati kwawo kwa makolo ake kunali ku Phalombe ankaima pamzere wa Phalombe. Mwana wa ku Nkhulambe woyenda pansi kupita ku CDSS ankaima pamzere womwewo, kumbuyo kwake. Kota inkagawa malo pakati pa maboma, koma m'kati mwa boma wolemera ndi wosauka inkawasiya monga inawapezera.

Mu Febuluwale 2020, pa nthawi ya Boma la Peter Mutharika, nduna ya zamaphunziro William Susuwele Banda inalengeza kuti kota yathetsedwa. Makolo amene akali kuwerengera malo khumi a Phalombe akuwerengera chinthu chimene kulibe.

KUMENE NAMBALA YA M'KALASI ILI LAMULO

Kodi kulipo kumene nambala ya m'kalasi imatsegula khomo la yunivesite? Kulipo. Ku America kuli dera lotchedwa Texas, kumene sukulu za anthu olemera ndi za osauka zimasiyana monga zimasiyanirana kuno. Mu 1996 khoti linaletsa mayunivesite akumeneko kuyang'ana mtundu wa munthu posankha, ndipo panali mantha akuti ana a anthu akuda ndi a mabanja ochokera ku Mexico achepa. Choncho mu 1997 aphungu a Texas anapanga lamulo lakuti mwana aliyense amene ali m'gulu la khumi oyamba pa ana 100 alionse a pasukulu yake apatsidwe malo pa yunivesite ya boma. Lamulolo silifunsa ngati sukuluyo ndi yotchuka kapena ya kumudzi. Limayerekeza mwana ndi anzake amene anamwa nawo chitsime chimodzi.

Sukulu zimene kale sizinkatumizako mwana zinayamba kutumiza. Koma mavuto sanachedwe. Yunivesite yotchuka ya mu mzinda wa Austin inadzaza ndi ana olowera pa lamuloli mpaka malo a ena anatsala ochepa, ndipo mu 2009 inaloledwa kuika malire akuti olowa motere asapitirire magawo atatu mwa anayi. Kuyambira pamenepo khomo lakhala likuchepa: mu 2019 linafika pa ana 6 oyamba mwa 100, ndipo kwa olowa mu 2026 ndi ana 5. Kupatsidwa malo sikutanthauzanso kupatsidwa maphunziro amene mwana akufuna; za uinjiniya ndi zina zolimbirana amapikisanabe. Ofufuza anapezanso kuti mabanja ena ankasankhira dala ana awo sukulu yofooka kuti akakhale oyamba kumeneko. Ndipo m'madera ena a America sukulu zambiri zinaleka kulemba nambala pa malipoti, poona kuti mwana wabwino wa pasukulu ya ana anzeru okhaokha amaoneka ngati wotsalira.

Njira yotere ikanabwera ku Malawi, ana a ma CDSS ndiwo akanapindula koposa, ndipo ikanafika kumene kota sinafike, chifukwa imayang'ana sukulu osati boma. Malo sakanavuta kwenikweni, pakuti sukulu za sekondale m'dziko muno n'zochepa poyerekeza ndi malo a m'mayunivesite a Boma, ndipo kutenga mwana mmodzi pasukulu iliyonse sikukanawatha. Chovuta chikanakhala china: nambala wani amene sanagwirepo chipangizo cha labotale akanafunika kuthandizidwa kwambiri chaka choyamba, apo ayi akanabwezedwa. Koma imeneyi ndi nkhani ya aphungu. Lamulo lotere m'Malawi mulibe.

NANGA NAMBALA ILI NDI NTCHITO YANJI?

Ili nayo. Mwana amene amakhala woyamba teremu ndi teremu ndi wakhama, ndipo khama ndilo lofunika poyamba. Nambala ikagwa mwadzidzidzi pasukulu yomweyo, pakati pa anzake omwewo, ndi chizindikiro chakuti china chavuta: mwina mwana akudwala, mwina akujomba, mwina ntchito zapakhomo zachuluka. Kholo lanzeru limafufuza lisanakalipe.

Chimene nambala singathe ndi kuchenjeza pamene kalasi yonse yatsalira pamodzi. Anthu a ku Phalombe anaziona mu Malichi 2023, pamene namondwe wa Freddy anagumula mapiri, nakokolola midzi ndi milatho ku Nkhulambe ndi madera ena. Sukulu zinatsekedwa kwa masabata, zipinda zophunziriramo zinasanduka misasa ya anthu othawa madzi, ndipo mabuku ambiri anapita ndi matope. Sukulu zitatsegulidwa, amene anali nambala wani anakhalabe nambala wani, chifukwa onse anataya masiku ofanana. Pa lipoti sipanaoneke bala lililonse. Koma ana a ku Kasungu ndi ku Karonga, amene anali kudzalemba nawo pepala limodzi, anali m'kalasi masiku onsewo.

Choncho kholo likapita kukaonana ndi mphunzitsi wamkulu, funso lakuti “Aphunzitsi, mwanayu ali nambala chani?” ndi laling'ono. Mafunso othandiza ndi ena. Kodi chaka chatha ana angati a pasukulu pano anapeza makirediti asanu ndi limodzi? Kodi wokhoza koposa anapeza mapointi angati? Ndi angati anasankhidwa kupita ku yunivesite? Ngati nambala wani wa chaka chatha anapeza mapointi 28, kholo la nambala wani wa chaka chino lidziwiretu pamene mwana wake waima, ndipo liyambe kufunafuna thandizo nthawi ikalipo. Mphunzitsi woona mtima sabisa zimenezi.

Muyeso wina wabwino ndi mayeso oyeserera amene ana amawatcha moko, makamaka akakhala olemba pamodzi sukulu zingapo, kapena chigawo chonse cha zamaphunziro cha Shire Highlands, chimene muli Phalombe, Mulanje, Thyolo ndi Chiradzulu. Pamenepo mwana amayerekezedwa ndi alendo, ndipo magiredi ake amayandikira ku zoona.

Nthawi yoopsa koposa ndi polowa Fomu 3, pamene ana amasankha maphunziro amene adzalembe. Ambiri amathawa Physics ndi Chemistry, ena chifukwa choopa, ena chifukwa pasukulupo palibe wophunzitsa, ndipo ena, n'zomvetsa chisoni, chifukwa chofuna kusunga nambala yawo yabwino ndi maphunziro osavuta. Mwana wa zaka 16 amatseka yekha khomo la udokotala tsiku limenelo, makolo osadziwa, ndipo zimadzadziwika patapita zaka ziwiri. Kholo limene silidziwa kuwerenga lingathe kupempha mphunzitsi, kapena wachibale wophunzira, kuti alifotokozere zimene mwana wasankha ndi kumene zikupita. Chingerezi nacho chisamalidwe kuyambira Fomu 1, pakuti sichiphunzirika m'mwezi wa mayeso.

Zotsatira zikatuluka ntchito sinathe. Ku Sitandade 8 mwana amasankhidwa osapempha, ndipo makolo ena amaganiza kuti ku yunivesite ndi chimodzimodzi. Ayi. Amene sanapemphe saganiziridwa, ngakhale akhale ndi mapointi 6. A NCHE amalengeza nthawi yopemphera pawailesi ndi m'nyuzipepala, kupemphako kumachitika pa intaneti, pamakhala kandalama kolipira, ndipo tsiku lotsekera likapita lapita. Posankha maphunziro pafunika kudekha. Mwana wa mapointi apakatikati amene walemba udokotala, zamalamulo ndi uinjiniya zokhazokha waima pa mizere itatu yaitali koposa, ndipo angatsale pamene mnzake wa mapointi ofanana, amene anaikapo zauphunzitsi kapena zaulimi, watengedwa. Wopunthwa pa phunziro limodzi angathe kulembanso mayeso chaka chotsatira kudzera ku sukulu za masana zimene anthu amati openi.

Makomo ena aliponso, ndipo ena ali m'boma la Phalombe momwemo. Ku mishoni ya Holy Family kuli koleji yophunzitsa anamwino ndi azamba, imene ili m'gulu la zipatala ndi makoleji a mipingo la CHAM. Kuli koleji yophunzitsa aphunzitsi a ku pulaimale ya Phalombe. Kunja kwa boma kuli Malawi College of Health Sciences, imene ili ndi nthambi ku Lilongwe, ku Blantyre ndi ku Zomba, ndiponso makoleji a ntchito zamanja amene amalowera kudzera ku TEVETA. Makolejiwa amalengeza malo pa nthawi yawoyawo, mosiyana ndi NCHE, kotero mwana ayenera kutchera khutu ndi kupempha kulikonse payekha. Onsewa amaitanitsa pepala la zotsatira lochokera ku MANEB, ndipo a unamwino amayamba kuyang'ana magiredi a Biology, Chemistry, Physics, masamu ndi Chingerezi.